Vinyo Wonunkha Usipa

Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo dzuwa la Okutobala linali litawawula kale mchenga wa ku Senga Bay. Kunalibe mphepo. Nyanja inangoti phee, yotuwa ngati lata lakale, moti malire a madzi ndi thambo sankaoneka. Mabwato awiri amene anali kutali ankakhala ngati akulendewera m'malere. Mumtengo wa mango nyenje zinkalira osapuma.

A Pitala anali pampando wansungwi pakhonde la kuseri, pafupi ndi zenera la kachipinda kosungiramo katundu. Ankakhala pamenepo chipumireni pantchito yophunzitsa sayansi kusekondale, koma chimwalirireni akazi awo, a Elsie, m'mwezi wa Ogasiti, mpandowo anausendeza pang'ono kuti khutu liyandikire zenera. M'kachipindamo munali zigubu zitatu za vinyo wa chidede amene a Elsie anafulula mu Juni, asanagonekedwe m'chipatala. Chigubu chilichonse chinali ndi kapaipi ka diripi kotuluka pachivindikiro n'kukamira m'botolo la madzi. A Elsie anali namwino, ndipo ankati paipi yodalirika padziko pano ndi ya diripi basi.

Vinyoyo anali atasiya kale kuwira. Koma kukatentha chonchi, mpweya wotsalira unkakwera m'kapaipi n'kukatulukira m'madzi muja: thubu. Kenako zii. Pakapita nthawi chigubu china n'kuyankha: thubu. A Pitala ankadziwa bwino kuti umenewo ndi mpweya chabe wofutukuka ndi kutentha, poti zimenezo anaphunzitsa ana kwa zaka zambiri. Komabe ankamvetsera atatsinzina, monga amachitira munthu akamva wina akusuntha mbale kukhitchini.

Kulira kwa njinga yamoto kunawadzidzimutsa. Anali Tamanda, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ankalandira alendo pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Woyendetsa anali Anderson, mnyamata amene ankafuna kumanga naye banja, woyang'anira bala ya pa loji yomweyo. Chinkhoswe chinachitika a Elsie ali moyo. Ukwati unali wa mu Disembala, ndipo akubanja anagwirizana kuti tsiku lisasinthe.

"Adadi, mwagonanso pampando?" anatero Tamanda akukwera pakhonde.

"Sindinagone. Ndimaganiza."

"Kuganiza kwake kochita kuyasama? Ntchentche zikanakumangirani mudzi m'kamwamo."

Anderson anavula chisoti cha njinga, n'kuwerama pang'ono. "Mwadzuka bwanji, Bambo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu apongozi?"

Dzina limenelo Anderson anali asanalizolowere. Likatchulidwa ankayang'ana nsapato zake.

Tamanda ndiye anabwera ndi ganizo lakuti paukwati pake anthu adzamwe vinyo wa amayi ake. Vuto linali lakuti vinyo wa a Elsie sankakongola m'galasi. Anali wa mbuu, wofiira moderako, ngati madzi a Linthipe mvula ikagwa kumtunda. Anderson, amene anakaphunzirako za vinyo ku Joni, anati akhoza kumuyeretsa. Sabata yathayo anatunga botolo limodzi m'chigubu chilichonse kuti akayesere, ndipo lero anali atabwera nawo mabotolowo.

Anawaimika patebulo, n'kumasula nsalu yoyera imene anakulungamo magalasi atatu a miyendo italiitali. Atathira, vinyoyo anatsika ali ngwee, wofiira psuu, woonekera mpaka kuseri. Dzuwa linadutsa m'magalasimo n'kugwetsa patebulo timadontho titatu tofiira tonjenjemera. A Pitala anaika chala pa kadontho kamodzi. Chala chinafiira.

"Mwachita bwanji?"

"Choyamba choyera cha dzira, Bambo, kuti chikokere zinyalala pansi. Kenako ufa wa makala pang'ono, wochotsa fungo. Pomaliza makina osefera a kuntchito. Alendo athu amayamba kumwa ndi maso."

A Pitala analawa galasi loyamba. Anali vinyo wabwino, wosalala pakhosi, wowawasa pang'ono kumapeto. Analawa lachiwiri. Analawa lachitatu, n'kubwereranso ku loyamba.

"Wa chidede cha ku Chinguluwe ndi uti apa?"

Anderson anadzikanda kumutu. "Apo ndiye pali nkhani. Ndinamata timapepala pamabotolo, koma kenako ndinawaviika m'madzi oundana kuti azizire. Timapepala tonse tayandama."

"Ndinamuuza kuti alembe ndi utoto wa zikhadabo," anatero Tamanda. "Koma anthu ophunzira ku Joni samva za anthu."

"Palibe kanthu," anatero a Pitala. "Lawani mutiuze."

Anderson anazunguza galasi, n'kulowetsamo mphuno, n'kusunga vinyo m'kamwa maso ali kudenga. Anachita chimodzimodzi ndi enawo. Kenako anaseka.

"Ndikanena ndinama, Bambo. Sindikudziwa."

A Pitala anadzuka mwakachetechete n'kulowa m'kachipinda muja. Munali mdima komanso kafungo ka dothi lonyowa. A Elsie sankalemba kanthu pazigubu zawo. Ankangomanga kansanza pachogwirira. Chansanza yobiriwira chinali cha chidede cha ku Chinguluwe, kwa mng'ono wawo Kettie, mlimi wa mpunga. Chansanza yachikasu chinali cha chidede chogula pamsika wa Khombedza. Chansanza yabuluu chinali cha chidede cha kuseri kwa nyumba yawo yomweyo, chomera pamchenga. A Pitala anatunga pang'onopang'ono m'matambula atatu a m'nyumba, n'kubwera nawo pambale, atawasokoneza dala.

Patebulo, pafupi ndi magalasi aja, matambulawo ankaoneka ngati achibale a kumudzi amene abwera kuphwando osaitanidwa.

Anderson ananunkhiza yoyamba. "Gaga wa mpunga. Chidede ichi chinagona m'thumba la mpunga."

"Kettie alibe matumba ena."

Ananunkhiza yachiwiri. "Utsi. Anayanika pamwamba pa moto." Anatenga yachitatu, n'kuichotsa msanga pamphuno, n'kuibwezeranso. "Uyu ndiye... Bambo, mundikhululukire. Uyu ndi usipa."

"Ndi usipadi."

"Kusukulu kuja zonsezi ankazitcha zilema. Vinyo sayenera kununkha thumba, kapena khitchini, kapena nsomba."

"Chabwino. Nanga mukachotsa zilemazo, chimatsala n'chiyani?"

"Chidede, shuga, ndi ukali wake."

"Zimenezo aliyense ali nazo."

Anderson anakhala pampanda wa khonde, tambula ili m'manja. "Kunena zoona, Bambo, ngakhale kuntchito ndimaziona. Timalandira mabotolo a vinyo wofiira wachaka chomwechi, ochokera m'minda yotalikirana, mayina osiyana, zithunzi zosiyana. Onse osalala, onse owala. Tsiku lina tinayesa ndi anzanga kulawa titamangana nsalu kumaso. Tinangosekana. Koma palibe mlendo amene anabwezapo botolo. Akanunkha usipa, abweza."

Anapsonthanso tambula yachiwiri ija, ndipo nkhope inasintha. "Wautsiyu wayamba kutembenuka. Mwamva kumapetoku? Akulowera ku viniga."

A Pitala analawa. Anali atamva kale kukoma kumeneko masiku angapo m'mbuyomo, koma anadziuza kuti ndi lilime lawo.

"Ndi kutenthaku," anapitiriza Anderson motsitsa mawu. "Vinyo wamng'ono chonchi, atakhalira nsenga zake pansi, m'chigubu cha pulasitiki, sangafike Khirisimasi. Enawo atsatira. Tikamusefa sabata ino n'kumutsekera m'mabotolo, akhala. Tikamusiya, awonongeka yense."

M'kachipinda muja chigubu china chinati thubu.

A Pitala anayang'ana Tamanda. Mtsikanayo anali ataimirira kumapeto kwa khonde, kumene fungo silinkafika, akupukuta foni yake ndi nsonga ya bulauzi. Galasi lowala anali atalawa. Matambula aja sanawakhudze.

"Ndiganize kaye," anatero a Pitala.

"Kuganiza kuja koyasama?" Tamanda anayesa kuseka, koma sizinamuyendere. "Ndibweranso nthawi yopuma masana, Adadi. Oitanitsa mabotolo akufuna yankho lero."

Njinga italowera kumsewu, a Pitala anathira vinyo wa m'magalasi uja m'botolo limodzi, poti panalibenso chomusiyanitsira. Kenako anakhala pansi ndi tambula ya usipa.

Fungolo silinali lalikulu. Linkabwera pambuyo, vinyo atatsika kale, ngati munthu amene wadutsa kuseri kwa mpanda osapereka moni. Choyamba kunkabwera kuwawasa kwa chidede, kenako kutsekemera pang'ono, kenako nyanja: mchenga wotentha, bango louma, nsomba zapadzuwa. Anamwanso pang'ono. Nyenje zinkamveka ngati zikulira m'kati mwa mutu. Kutali panyanja kunadzuka mtambo wa nkhungu, tizilombo tija touluka, woongoka ngati utsi wa munda umene wina akuwotcha pamwamba pa madzi. Anauyang'ana mpaka maso analema.

Sankadziwa ngati anagona. Anaona a Elsie atavala chipewa chawo chamlaza, akuyenda pakati pa mathandala oyanikapo nsomba, lichero lili m'chiuno. Mbali imodzi usipa unkanyezimira ngati timasupuni, mbali inayo chidede chinali psuu, ndipo a Elsie ankachiyala ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga ankayalira nsalu pabedi la wodwala. Sanatembenuke. Thandala linkatalika, iwo n'kumayalabe, mpaka kufiirako kunakalowa m'madzi.

Atatsegula maso, mthunzi wa mango unali utachoka pakhonde. Anazindikira kuti zimene anaonazo sanazionepo ndi maso. Tsiku limene chidede cha kuseri chinkayanikidwa iwo anali ku Chinguluwe, kukatenga thumba la kwa Kettie. Atabwera anangouzidwa kuti chayanikidwa kwa Abiti Jafali.

Anavala chipewa n'kutsetserekera kunyanja.

Abiti Jafali, mayi wogulitsa nsomba zouma amene mpanda wake unagundana ndi wawo, anali pakati pa mathandala ake, akutembenuza usipa ndi kamtengo. Anali atafunda mpango wopyapyala kumutu, thukuta lili chuchuchu.

"Aphunzitsi! Dzuwa lonseli? Mukufuna muume ngati usipa ndikugulitseni ku Lilongwe?"

"Ndani angandigule, Abiti?"

"Walahi, palibe. Mafupa okhaokha." Anaseka, n'kuwalozera chitsa cha pamthunzi. "Khalani apo. Kunyumba kuli bwanji? Mkwatibwi wathu?"

"Ali bwino. Ndabwera ndi funso. Thandala limene amake Tamanda anayanikapo chidede ndi liti?"

"Ilo la kumapetolo. Mpaka lero bango lake n'lofiira. Amuna anga ataona anati, iwe, thandala langa walisandutsa la haramu. Ndinati maluwa si haramu, haramu ikachitikira kwawo m'chigubu, ife sitikudziwako."

A Pitala anapita kukaliona. Pakati pa timitu ta usipa, bango linali ndi mawanga ofiirira, ozilala ndi dzuwa.

"Vinyo wake akununkha nsomba," anatero. "Ndimafuna ndidziwe ngati anachitira dala. Mwina ankayesa njira yatsopano. Ankakonda kuyesa zinthu."

Abiti Jafali anasiya kutembenuza.

"Dala? Ayi, Aphunzitsi. Zaka zonsezi si ankayanika padenga la khola la nkhuku, pamalata? Tsiku limenelo anakwera makwerero mpaka pakati, miyendo inakana. Ndinawaona ndili pompano, atangokumbatira makwerero, osakwera, osatsika. Tamanda ndiye anawatsitsa. Ine ndinati bweretsani kuno, thandala ili ndi lalifupi. Ndinafuna ndilitsuke kaye, iwo anati ayi, Abiti, ndikadikira kuti liume ndigona pompano. Mwana uja ndiye ananyamula lichero. Mayi ake anayala pang'ono, n'kukhala pachitsa chomwe mwakhalapocho. Chotsalacho anayala ndi Tamanda."

A Pitala anayang'ana chitsacho.

"Sanakuuzeni?"

"Anandiuza kuti padenga panali mbalame zambiri."

"Mbalame." Abiti Jafali anapukusa mutu, n'kuyambanso kutembenuza nsomba. "Anamwino ndi choncho. Odwala ndi ena, iwo ayi. Mulungu awasunge pabwino."

A Pitala anakhalabe pang'ono, kenako anathokoza n'kubwerera. Mchenga unkawotcha kudutsa m'nsapato. Ankayenda pang'onopang'ono, akuganiza zakuti kwa miyezi iwiri akhala akusunga fungo limenelo ngati luso la akazi awo, chonsecho linali fungo la tsiku limene miyendo yawo inakana. Anayembekezera kuti akafika kunyumba alida. Atafika ananunkhiza tambula ija. Fungo linali lomwe lija, ndipo sanalide.

Tamanda anafika pakabaza cha m'ma thili, akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Anapeza bambo ake atatulutsa ndowa zitatu zotsuka n'kuzindandalika pakhonde.

"Ndinali kwa Abiti Jafali," anatero a Pitala.

Tamanda anakhala pampanda. Anavula nsapato imodzi, n'kukhuthula mchenga, n'kuivalanso.

"Anandiletsa kukuuzani. Anati mukanangowatengera kuchipatala tsiku lomwelo, chidede n'kuwola."

"Ndikanawatengeradi."

"N'zimene ananena."

Nkhuku inadutsa pabwalo itayasama ndi kutentha.

"Adadi, musaone ngati ndikuchita manyazi ndi vinyo wa Amayi. Anderson akuganiza choncho, akuti ndikufuna kusangalatsa a kuntchito. Si zimenezo." Ankalankhula akuyang'ana ndowa. "Tsiku lija manja awo ankanunkha choncho. Chidede ndi usipa. Ndinawasambitsa ine. Mukangotsegula chigubu chabuluucho, ine ndimabwerera pamakwerero paja. Chautsicho ndimaona tili m'minibasi yochokera ku Khombedza, atatsamira paphewa panga. Ndikufuna Amayi adzakhalepo paukwati wanga. Koma ndikufuna ndidzanyamule galasi, ndimwe, ndimwetulire, andijambule. Uja wa m'mawa uja ndinamwa bwinobwino. Sanandikumbutse chilichonse."

"N'chifukwa chake ukumufuna."

"Eya."

A Pitala anagwedeza mutu. Zimenezo ankazimvetsa kuposa mmene mwanayo ankaganizira. Iwonso pamaliro paja anasankha kuyang'anira za mipando ndi nkhuni.

"Umuuze Anderson abwere ndi galimoto mawa. Atenge."

"Zigubu ziwiri?"

"Zonse zitatu."

Tamanda anadzutsa mutu. "Chabuluucho sungani, Adadi. Ndimakuonani mmene mumakhalira pazenerapo."

"Ndikachisunga ndisunga viniga. Apongozi sananame." Anaimirira. "Koma sapita ndi zigubu. Vinyo timutsanulira m'ndowa izi, zili ndi zivindikiro. Zapansi zitsala kuno."

"Matope aja? Anderson amangotaya."

"N'chifukwa chake ndikuti zitsale. Unawaonapo amayi ako akugula yisiti?"

Tamanda anaganiza. "Ayi."

"Sankagula. Nsenga za chigubu chakale ndi zimene ankayambira chatsopano. Zoyamba anapatsidwa m'kabotolo ka mankhwala ndi sisitere wina wokalamba amene ankagwira naye ntchito, iwe usanabadwe. Chaka ndi chaka akhala akusamutsa zomwezo. N'zamoyo. Zimangogona."

"Ndiye mukufuna mufulule? Inuyo?"

"Chidede chouma chilipo theka la thumba."

"Adadi, inu tiyi amene mumapsereza."

"Ndiye ubwere undigwirire paipi."

Analowa m'kachipinda muja. A Pitala anakweza chigubu chobiriwira patebulo mosamala kuti zapansi zisavunduke, n'kulowetsa kapaipi mpaka pakati. Anayamwa kumapeto kwake, n'kuloza m'ndowa. Vinyo anayamba kutsika, kamtsinje kakang'ono kopanda phokoso. Tamanda anagwira paipi pakamwa pa chigubu, akuitsitsa pang'onopang'ono mmene vinyo ankatsikira. M'chipindamo munadzaza fungo la nkhokwe ya mpunga.

"Anti Kettie," anatero Tamanda. "Ngati alowa ndi thumba lawo."

"Ndi nkhani zawo zosatha."

"Adzalira paukwati kuposa ine, muona."

Chachikasu chinali chowawasa kale ndithu, fungo lake lolasa m'mphuno pamwamba pa utsi. A Pitala anati vinyo wake apite, Anderson akaone yekha ngati angapulumuke, koma nsenga zake sizingayambire china chifukwa zalowa matenda. Anazitsukuluza n'kukazithira patsinde pa mango.

Kunatsala chabuluu. A Pitala atamasula chivindikiro anayang'ana mwana wawo.

"Ukhoza kutuluka. Ndigwira ndekha."

"Muvundula. Manja anu amanjenjemera."

Anagwira paipi ndi dzanja limodzi, nkhope atatembenuzira kuzenera. A Pitala sanamuyang'anenso. Anayang'ana m'ndowa, mmene vinyo ankakwera pang'onopang'ono, wa mbuu, akuzungulira. Kuwala kolowera pazenera kunkagwera pamwamba pake koma sikunkalowa pansi. Mawa madzulo adzakhala atawala ngati anzake aja, ndipo mu Disembala anthu adzamukweza m'mwamba m'magalasi a miyendo italiitali, n'kunena kuti malemu anali ndi luso. Adzakhala akunena zoona. Palibe amene adzadziwe kuti m'galasi lake muli Chinguluwe, Khombedza kapena thandala la Abiti Jafali, ndipo Tamanda adzamwetulira.

Paipi inayamba kukoka zofiirira zokhuthala.

"Basi," anatero a Pitala, n'kuitsina.

Pansi pa chigubu panatsala nsenga zokwana kapu imodzi kapena ziwiri, zonga phala la mawere. Anazikhuthulira m'botolo la galasi lakukamwa kwakukulu, n'kuthiramonso za chigubu chobiriwira. Anamasula kansanza kabuluu n'kukamanga pakhosi pa botololo.

"Watsopanoyo adzanunkhanso usipa?" anafunsa Tamanda. Mawu ake anali a munthu wachimfine.

"Mwina pang'ono. Wotsatira wakeyo sindikhulupirira. Adzanunkha zina."

"Ziti?"

"Kaya. Zimene ndidzalakwitse ineyo."

Tamanda anaseka, n'kupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako ananunkhiza dzanjalo, n'kulisiya pamphuno kanthawi ndithu asanapite kukasamba pampopi.

"Shuga ankathira wochuluka bwanji?" anafunsa a Pitala ali pakhomo. "Sindinawaonepo akuyeza."

"Ankatapa ndi mbale yamalata yobenthuka ija."

"Mbale zingati?"

"Ankathira, n'kulawa, n'kuthiranso, mpaka atati basi."

"Sayansi yake yovuta."

"Muzilawa, Adadi. Lilime muli nalo." Anayang'ana foni. "Ndachedwa. Kukubwera basi ya alendo, ndiye ndikapanda kukhalapo akawagoneka awiriawiri osadziwana."

Anathamangira kumsewu akuitana wakabaza. A Pitala anatseka ndowa zitatu zija, n'kuzikankhira pakona pozizira, n'kuzifunditsa thumba lonyowa. M'kachipindamo munali zii. Mapaipi atatu anali lende pamsomali, akudontha.

Anaika botolo la nsenga lija pansi pa mtsuko wa madzi, pamene sipatentha. Anatulutsa thumba la chidede chouma n'kulikhuthulira palichero kuti asankhe zinyalala. Anafunafuna mbale yobenthuka ija mpaka anaipeza kuseri kwa mapoto. Kenako anakoleza mbaula, n'kutereka madzi, n'kutenga chigubu chimodzi kupita nacho pampopi, n'kuyamba kutsuka.